Wosunga Nthaka Amasunga Tonse: Mfundo Zisanu ndi Zitatu Zoti Tizisinkhesinkhe

Mvula yoyamba ikagwa, kaimeni pa mlatho wa Linthipe, wa Rivirivi kapena wa Lisungwi, muyang'ane pansi. Madzi ake amakhala ofiira ngati thobwa la mawere. Ambirife timangoti, "Lero mtsinje wadzaza," n'kumapitirira ulendo. Koma chofiiracho ndi munda wa munthu, chonde chimene agogo ake anamusiyira chikupita osatsanzika. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014, tikaphatikiza dziko lonse, hekitala imodzi inkataya dothi lokwana matani 29 pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Mbala itasenza matumba 580 m'nkhokwe, mudzi wonse ungadzuke ndi zibonga. Popeza wakubayo ndi madzi, timangoonerera. Nazi mfundo zoti tizilingalire, alimi ndi osalima omwe.

1. Munda ndi wobwereka.

Pa kalembera wa 1966, m'Malawi munali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka 17.5 miliyoni. Dziko silinakule ndi phazi limodzi lomwe. Makolo athu munda ukaguga ankausiya tsala zaka zingapo, n'kukaswa mphanje kwina. Lero tsala lidzachokera kuti? Munda umene bambo anagawira ana anayi, anawo akuugawiranso ana awo, ndipo kachigawo kalikonse kamalimidwa chaka ndi chaka popanda kupuma. Pamwamba pa izo, m'mbali mwa mizinda minda yachonde ikusanduka mapuloti, ndipo dothi la pamwamba likuumbidwa njerwa, kusiya maenje oswera udzudzu. Wobwereka khasu amabweza lili ndi mpini wake. Munda nawo tinaubwereka kwa adzukulu, ndipo sadzafunsa kuti tinakolola ngolo zingati. Adzafunsa chimene tawasiyira.

2. Feteleza amadyetsa chimanga, manyowa amadyetsa nthaka.

Kuyambira mu 2005, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma lakhala likugulitsa feteleza wotsika mtengo kudzera m'makuponi. Mu 2020 ndondomekoyi inakulitsidwa pansi pa dzina la AIP, thumba likugulidwa pa K4,495, ndipo chaka choyamba chokha inapatsidwa ndalama pafupifupi K160 biliyoni. Palibe angatsutse kuti makuponi anapulumutsa mabanja ambiri ku njala. Koma mlimi aliyense adzakuuzani chimene maso ake akuona: matumba awiri omwe aja sakubereka monga ankaberekera kale. Nthaka yopanda zoolerana siisunga madzi, siisunganso feteleza. Mvula yamphamvu ikabwera, mchere wa Urea umatsetsereka pamodzi ndi dothi kupita kudambo.

Ndinaonapo mayi wina akupanga manyowa a Mbeya pakhonde pake. Anasakaniza ndowe zouma za mbuzi zopunthapuntha, madeya, phulusa losefa ndi feteleza pang'ono, akuwaza madzi mpaka zosakanizazo zitayamba kugwirana akazifinya m'dzanja. Anaziika m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, n'kumanga kukamwa kwake zolimba kuti lidikire masiku 21. "Thumba limodzi lakusitolo limandibalira asanu," anatero akupukuta manja pa chitenje. Ngati pa ndalama zonse za feteleza gawo lina likanapita ku mbuzi, ku mbewu ya nandolo ndi soya, ndi kwa alangizi ophunzitsa zimenezi, thumba la boma lomwelo likanabereka koposa. Thandizo labwino ndi limene limachepetsa kufunika kwa thandizo chaka chamawa.

3. Chikwapu sichisunga nthaka.

Nkhani yoteteza nthaka si yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma la atsamunda linaika malamulo amene anthu ankawatcha malimidwe: kuunda mizere yopingasa, kukumba migula, kusalima m'mbali mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa m'ndende. Zina mwa mfundozo zinali zoona ndithu, koma zinabwera ndi mesenjala m'malo mwa mphunzitsi. Anthu anadana nazo mpaka zinasanduka nkhuni zosonkhezera moto wa ndale. Mu 1953, polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo atsamunda anaichotsa pampando. Phunziro lake ndi ili: chinthu chabwino chikabwera monyoza, munthu amachitaya pamodzi ndi ubwino wake. Wobwera ndi pulojekiti lero ayambe wakhala pansi, afunse mwini munda kumene madzi amadzera mvula ikamagwa. Iyeyo wakhala akuwaona zaka makumi atatu.

4. Wosamala munda wake amagwirira ntchito anthu amene sadzamudziwa.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi ambiri akumwa mumzinda wa Blantyre amapopedwa mumtsinje womwewo pa Walker's Ferry. Dothi lochoka m'minda ya ku Ntcheu, Balaka ndi Neno limakathera m'madamu amenewa, ndipo chaka ndi chaka ndalama zambiri zimapita pa ntchito yovuula matope ndi zinyalala kuti makina azungulire. Ndiye taganizani za gogo amene akuchokocha mzere wa kalozera potsetsereka, n'kubzalapo udzu wa vetiva phata ndi phata, msana ukuwawa. M'nyumba mwake mulibe babu ngakhale limodzi. Koma wometa tsitsi ku Ndirande, wowotcherera zitsulo ku Mchesi ndi namwino wa m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane onse akudya thukuta lake. Choncho ndalama zimene zimaperekedwa ku ntchito zoteteza nthaka, monga za pulojekiti ya MWASIP imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza mu 2020 kuti ikonzenso madera othira madzi mu Shire, tisamazione ngati mphatso kwa osauka. Ndi malipiro a ntchito imene tonse timapindula nayo. Wam'tauni amene amadandaula magetsi akathima ali ndi ngongole kwa gogo uja.

5. Njala siidikira mtengo kuti ukule.

Msangu ndi mtengo wodabwitsa. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mitengo ina ikamaphuka, motero suphimba mbewu, ndipo masambawo amasanduka chonde. Aliyense wodutsa ku Salima kapena kuchigwa cha Bwanje waonapo chimanga chobiriwira pansi pa msangu pamene cha pambali chili chachikasu. Koma msangu umatenga zaka kuti uyambe kubweza. Mtengo wa gilisidiya, umene akatswiri anauyesa kwa nthawi yaitali ku Makoka, kufupi ndi Zomba, umafulumirako, komabe si wa chaka chimodzi. Ulimi wa mtayakhasu nawo, chaka choyamba udzu umavuta. Tsono mlimi amene mu Januwale ufa wamuthera, amene akuthamangira ganyu m'munda wa mnzake kuti ana agone atadya, mungamuuze bwanji kuti adikire zaka zisanu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Anzathu a kuchigwa cha Luangwa ku Zambia anaiona mfundo imeneyi. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, limagula mtedza, mpunga, soya ndi uchi pamtengo wabwinoko kwa alimi amene alonjeza kusamala nthaka, kusatentha makala ndi kusapha nyama zakutchire. Zokololazo zimagulitsidwa m'masitolo ndi dzina loti It's Wild! Alenje ambiri anapereka mfuti ndi misampha yawo ataona kuti munda ukulipira. Ulaliki wa chilengedwe umamveka bwino ukadzera pa sikelo yachilungamo.

6. Munthu sasamala chimene angalandidwe mawa.

Wobwereka munda kwa chaka chimodzi sathira manyowa. Amadziwa kuti chimanga chikangochita bwino, mwini wake adzati, "Chaka chino ndilima ndekha." Mkamwini wa kuchikamwini amazengereza kubzala mitengo pamudzi pamene angauzidwe tsiku lina kuti anyamule bulangete lake. Mayi wamasiye wa kuchitengwa amaopa alamu ake. Onsewa si aulesi, akuwerenga bwino masamu a moyo wawo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti banja lilembetse munda wake, ndipo linati m'komiti yoona za malo pamudzi, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa akhale amayi. N'zoyenera, pakuti khasu lambiri m'dziko muno lili m'manja mwa amayi. Koma lamulo lokhala m'kabati silitchinjiriza munthu. Mafumu, atsibweni ndi eni mbumba ndiwo angachititse kuti wolima agone tulo podziwa kuti mtengo umene wabzala adzaudya mthunzi.

7. Chigwembe sichidziwa malire.

Mungaunde akalozera, mungatseke mizere ndi ngonyeka, koma ngati wa kumtunda kwanu walima mizere yotsetsereka, madzi ake onse adzathira mwa inu. Mungayale mapesi bwinobwino kuphimbira munda, koma mu Ogasiti anyamata osaka mbewa n'kuponyapo moto, kapena ng'ombe za mnzanu n'kudya zonse, ndi nandolo yemwe. Ndi chifukwa chake ntchito imeneyi siitheka munthu payekha. Mutu umodzi susenza denga. Midzi imene yapambana ndi imene inakhala pabwalo n'kugwirizana: wotentha tchire alipe, ziweto zikhale ndi mbusa ngakhale m'chilimwe, m'mbali mwa mtsinje musalimidwe, phiri lisiyidwe kuti zitsa ziphukire. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsa mowawa, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, kuti chochitika pamwamba pa phiri chimatsikira onse okhala m'munsi, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

8. Ndalama ya nthaka iwerengedwe m'munda.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timakhala ndi nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amabwera, amajambulitsa atagwira kambande, timavina, galimoto zimabwerera. Funso limene sitikonda kufunsa ndi lakuti: pofika Okutobala, yatsala ingati? Pali mapulojekiti amene chikwangwani chake chimakhalitsa kuposa ntchito yake. Pali misonkhano ya kunyanja imene alawansi yake ikanagula njinga za alangizi a dera lonse. Palinso ife alimi amene timakumba migula pokhapokha pali malipiro, ndalama zikatha n'kuisiya ikwiririke ngati ndi ya bungwe. Tonse tili ndi mlandu womwewo, wodya mbewu. Ndalama yoperekedwa m'dzina la nthaka ndi ya ana amene sanabadwe, ndipo iwo sangabwere kudzaiwerengera. Umboni wake usakhale lipoti lokongola. Ukhale chigwembe chimene chatsekeka, kasupe amene wayambanso kutuluka, nkhokwe imene yafika mwezi wa Febuluwale.

Inu a boma ndi a mabungwe, pogawa ndalama za ulimi, ikani nthaka patebulo limodzi ndi feteleza, ndipo mlangizi afike kumunda. Inu mafumu, tetezani mapesi ndi munda wa wamasiye. Inu a m'tauni, musamanyinyirike kugula pamtengo woyenera kwa mlimi wosamala. Ndipo inu alimi anzanga, musadikire pulojekiti: chaka chino mapesi asaone moto, ndowe zisaolere m'khola, ndipo mvula isanagwe mzere umodzi wa vetiva ukhale utakonzedwera malo kumtunda kwa munda wanu. Dothi likafika ku Shire silibwerera.