Mwana Ali Pakati Kapena Wasiyidwa Yekha?

Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'Malawi muno, makalasi a ana aang'ono akhala odzaza. Sizachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1. Akalemba "ba be bi bo bu" pabolodi, kalasi yonse imabwereza mokweza, ndipo mawu a ana odziwa amaphimba amene sanamve. Mwana wotereyu angathe kumaliza chaka akuyankhira limodzi ndi anzake, koma osatha kuwerenga ngakhale dzina lake.

Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa pulogalamu ya BEFIT mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Aliyense amavala mahedifoni ndi kuyenda pa liwiro lake. Akalakwa, amayesanso, popanda womukalipira kapena womuseka.

Apa pali chilungamo chimene sichiyenera kupeputsidwa. Mwana wochedwa kumva ali ndi ufulu wophunzira wofanana ndi wa mnzake wochangamuka, ndipo makina satopa kubwereza. Akatswiri a maphunziro amanena kuti mwana ndiye ayenera kukhala pakati pa phunziro, osati bolodi kapena silabasi.

Komabe funso ndi ili: kodi mwana amene wapatsidwa makina akeake waikidwa pakati, kapena wangosiyidwa yekha? Tabuleti imaona kuti mwana walephera funso, koma siidziwa chifukwa chake. Siidziwa kuti wabwera osadya, kuti maso ake saona bwino, kapena kuti usiku kwawo kunali ndewu. Kuika mwana pakati ndiko kumudziwa, ndipo wodziwa munthu ndi munthu mnzake. Palinso zina zimene mwana amaphunzira pokhapokha ali ndi anzake: kudikira nthawi yake, kufotokozera mnzake zimene wamva, kuvomera kuti walakwa. Mahedifoni saphunzitsa zimenezi.

Choncho ubwino wa makinawa umaonekera pa zimene mphunzitsi amachita ana akawerama pa matabuleti. Nthawi imeneyo ndi mpata umene kale analibe. Angathe kuyendera mizere, kugwada pafupi ndi kamtsikana kamene kakhala pa phunziro limodzi sabata yonse, kukatchula dzina ndi kukafunsa chavuta. Akatero, makina amuthandiza kufika pa mwana amene khamu linkamubisa. Koma akaiona ngati nthawi yopumira, ana amakhala atapatsidwa zipangizo zamakono n'kulandidwa mphunzitsi.

Nkhaniyi ikukhudzanso makolo. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kufunsa kuti sukulu yalandira matabuleti angati sikokwanira. Funso lofunika ndi lakuti aphunzitsi amatani ndi mwana amene makina aonetsa kuti watsalira. Kunyumbanso n'chimodzimodzi: foni yopatsidwa kwa mwana kuti aphunzire ndi ina, yopatsidwa kuti asasokoneze akuluakulu ndi inanso. Kholo limene limakhala pansi madzulo ndi kunena kuti, "Tandiwerengera zimene waphunzira lero," limachita zimene makina sangathe.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Khasu labwino limapeputsa ntchito, koma woona mbewu imene yafota ndi mlimi.