Tsokonombwe Adatha Mtunda N'kudumpha

Mwana wa ku Mulanje masiku ano ukamufunsa chimene akufuna pa moyo wake, sachedwa kuyankha: galimoto, nyumba yamalata, ulendo wa ku Joni. Kulakalaka zabwino si mlandu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ukamufunsa kuti mawa kukacha ayambira pati, amangoti kukamwa yasa. Kale funso limeneli linali ndi eni ake: amalume, anankungwi, ankhoswe. Lero eni akewo akhala chete, ena poopa kunenedwa achikale, ena chifukwa nawonso atanganidwa ndi kusaka ya mchere.

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Makolo a Alhomwe ambiri a m'boma lino adawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique atasenza timitolo pamutu, n'kudzafikira m'minda ya azungu, kumene tiyi adayamba kubzalidwa ku Lauderdale mu 1891. Adagwira thangata kuti apeze pokhala. Chimene ankafuna chinali chodziwika: malo, nkhokwe ndi mbumba yokhazikika. Sadazipeze chaka chimodzi. Midzi imene tikunyadira lero, mpaka kumakavina tchopa pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, idamangidwa ndi anthu odziwa kudikira.

Pa nkhani ya banja malangizo anali omveka. Mnyamata akafuna mbeta ankayamba wauza amalume ake, ndipo iwo ankamufunsa kuti, "Kodi mphwanga, khasu ulitha? Nanga nyumba umanga liti?" Akapita kuchikamwini, kulima munda wa apongozi kunali kuonetsa kuti mwana wa eni akadya. Achinyamata lero amati kumeneko kunali kuzunzana, ndipo n'zoona kuti apongozi ena ankapyola muyezo. Koma taonani zotsatira za kutaya zonse: mabanja oyambira pa foni, opanda ankhoswe, otha mwana asanayambe n'kukwawa komwe. Agogo anga aakazi ankatiphunzitsa zimenezi pophika kalongonda. Ankamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, ife njala ili m'mimba. Wina akadandaula ankati, "Mdzukulu wanga, wothamangira kalongonda amadzuka mutu uli zweee. Banja nalonso n'chimodzimodzi." Sankawonjezera mawu ena.

Ku sukulu ndiye kumene mtima wanga umawawa kwambiri. Kuyambira mu 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere, ndipo m'kalasi ya Sitandade 1 ana amadzaza mpaka pakhomo. Pofika Sitandade 8 mabenchi ayamba kuoneka, pofika Fomu 4 otsala ndi owerengeka. Umphawi ulipo, sitikana. Koma palinso malangizo opotoka. Mtsikana akatuluka kuchinamwali atangouzidwa kuti "tsopano mwakula", popanda womuuza kuti kukula n'kumaliza chimene wayamba, amaona yunifolomu ngati chovala cha ana. Pena amachita kumukankhira kukasasa fumbi, chinthu chimene chaononga tsogolo la ana ambiri. Malamulo a dziko adakonzedwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma lamulo silifika kutsimba. Amafikako ndi anankungwi. Amayi inu, mawu anu ndi olemera kuposa a mphunzitsi. Mukamuuza namwali kuti cholinga chake chikhale mayeso a MSCE, ndipo kudumpha kwake koyamba ndi kubwerera m'kalasi Lolemba, adzamva. Anyamata nawonso akuthawa makalasi kukapalasa kabaza pa Chitakale kapena kukaoda katundu pa Limbuli ndi pa Muloza. Ndalama ya lero imakoma, koma ndani akuwakhazika pansi kuwawerengetsa za zaka khumi zikudzazo?

Ngakhale pa maulendo, malangizo athu sankaletsa munthu kulimba mtima. Ankangoti ulendo uli ndi mwambo wake: tsazika, funsa njira, usayende wekha. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi muno. Anyamata operekeza alendo pa Likhubula amakwera phirili kawirikawiri, komabe sachita nalo chibwana. Amagona panjira, amayang'ana mitambo, chifunga chikatsika amabwerera ngakhale nsonga ili pafupi. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil adasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, ndipo adapezeka patapita masiku atamwalira. Amene amapambana mpikisano wa chaka ndi chaka wothamanga m'phirimu ndi omwe miyendo yawo idazolowera njirazo pang'onopang'ono, katundu ali kumsana. Tsokonombwe uja ndi ameneyu. Nanga mwana wathu wonyamuka usiku kupita ku Johannesburg, wopanda pasipoti, wopanda luso la m'manja, osatsazika ngakhale mayi ake, tinganene kuti walimba mtima? Ayi, wasowa womulangiza.

Phuma lomweli ndi limene latha mkungudza m'phiri. Mtengo wotenga zaka zambirimbiri kuti ukule tidaugwetsa tsiku limodzi pofuna ndalama ya msanga, ndipo tsopano tikubzala mbande zimene odzadula ake ndi adzukulu athu.

Choncho pempho langa likupita kwa inu amalume ndi eni mbumba. Musadikire maliro kapena mlandu kuti mukumane ndi ana a alongo anu. Aitaneni, aliyense anene chimene akufuna, ndipo musamuseke ngakhale atati adzakhala dokotala. Mufunseni chimene achite mwezi uno, kenaka mwezi ukatha mumufunsenso ngati wachita. Akalephera mayeso, mubwezeni akalembenso. Akafuna kuyenda, muthandizeni kukonza zikalata, ndipo adziwe kuti kumudzi kuli anthu amene akumuyembekezera. Udindo umenewu makolo athu adausiya m'manja mwanu, ndipo palibe bungwe kapena boma limene lingakusenzereni.