Chithunzi cha Nyama pa Ndalama: Umwini Kapena Ngongole?

Kuyambira kalekale, chithunzi cha pa ndalama yachitsulo chakhala chikunena za ulamuliro, pakuti amene nkhope yake ili pa kachitsuloko ndiye amatsimikiza kuti kali ndi mtengo, ndiponso ndiye ali ndi mphamvu yokaitanitsa ngati msonkho. Ganizo limeneli ndilo maziko a yankho la Yesu m'chaputala 22 cha Uthenga wa Mateyu, pamene anafunsidwa za msonkho wa Kaisara, iye n'kuitanitsa dinari, ndalama yasiliva ya Aroma, kuti omufunsawo atchule okha mwini wa chithunzi chimene chinalipo. Ena anaiona nkhani ya zithunzi kukhala yoopsa kwambiri, moti mafumu achiyuda a banja la Hasmonean sankaika munthu kapena nyama pa ndalama zawo poopa lamulo loletsa mafano, ndipo Abd al-Malik, mtsogoleri wa Asilamu amene ankalamulira ali ku Damascus, anachotsa zithunzi pa ndalama yake yagolide cha m'ma 697 n'kusiyapo mawu okhaokha. Tsono anthu amene amatolera ndalama za mayiko a zilumba zing'onozing'ono, zokhala ndi nsomba, mbalame ndi akamba, amakumana ndi funso lovuta: ngati chithunzi chimaloza mwini, kodi nkhanu ya pa ndalama ndi mwini wa chiyani?

Ndalama za ku Tuvalu, dziko la m'nyanja ya Pacific limene mtunda wake wonse ndi masikweya kilomita 26 okha, zikuonetsa bwino vutoli. Zinatuluka mu 1976, ndipo mbali imodzi zili ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II, pamene mbali inayo kuli shaki pa masenti 5, nkhanu pa masenti 10, nsomba youluka pa masenti 20, ndi kamba wa m'nyanja pa dola imodzi. Mbali yoyambayo ikulankhula monga dinari ya Kaisara, koma yachiwiriyo siingatero, chifukwa kamba salamula munthu ndipo salandira msonkho. Chimene mbali imeneyi ikunena n'chakuti anthuwo amadya za m'nyanja, ndi kuti moyo wawo watsamira pa zolengedwa zimene sanazipange okha. Choncho chithunzicho chili ngati kalata yovomereza ngongole, ndipo kuvomerezako kumalemera kwambiri munthu akakumbukira kuti ku Tuvalu kulibe malo otalika kufika mamita 5 kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo madzi a nyanjayo akunka nakwera.

Ngongole ikhoza kuvomerezedwa mochedwa, ndipo umboni wake uli ku zilumba za Falkland, zimene zili pansi pa Britain. Kumeneko kunali nyama yonga nkhandwe yotchedwa warrah, yosapezeka kwina kulikonse, imene inali yosaopa anthu moti mlenje ankaikopa ndi nyama m'dzanja limodzi, mpeni uli m'dzanja linalo. Charles Darwin, amene anafika kuzilumbazi mu 1833 ndi 1834, anaoneratu kuti nyamayi siikhalitsa anthu akadzakhazikikako, ndipo zinachitikadi, pakuti osaka zikopa anaipulula, oweta nkhosa n'kuithirira chiphe poiganizira kuti imagwira ziweto, mpaka yomaliza inaphedwa mu 1876. Patapita zaka 104, mu 1980, warrah anaikidwa pa ndalama ya mapeni 50, ndipo mu 1982 nkhosa inaikidwa pa ya mapeni 20, kotero kuti nyama yophedwayo ndi chiweto chimene inaphedwera zinayamba kukhulana m'thumba limodzi. Ena anganene kuti ulemu wotere ndi chinyengo, chifukwa n'kosavuta kulemekeza chimene sichingalumenso. Komabe mlandu umenewu ndi wolemera mopitirira, pakuti anthu ofuna kubisa cholakwa cha makolo awo sachisula pa chitsulo chodutsa m'manja mwa mwana aliyense wotumidwa kukagula buledi. Buku la Genesis limapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo, komanso limamuika m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo ndalama ya warrah ikuonetsa chimene chimatsala pamene ulamuliro wayenda wokha, kusunga kutasiyidwa m'mbuyo.

Pali ndalama zina zimene sizivomereza kanthu. Chilumba cha Niue, chimene anthu ake sakwana 2,000 ndipo amagula ndi kugulitsa ndi dola ya New Zealand, chimalola makampani akunja kusula ndalama m'dzina lake, zina zokhala ndi zithunzi za m'mafilimu, kuti zigulitsidwe kwa otolera basi. Dziko laling'ono silingadzudzulidwe pofuna phindu m'njira imeneyi, koma chithunzi chosankhidwa poyang'ana msika sichingachitire umboni moyo wa anthu amene sanachigwirepo.

Apa ndi pamene wotolera ayenera kudzifunsa chimene akusunga. Mwambo wa numismatics, kutanthauza maphunziro a ndalama zakale ndi zatsopano, umafuna kuti ndalama igwiridwe m'mphepete mokha, isatsukidwe konse, iikidwe m'kachikatoni kokhala ndi zenera la pulasitiki, ndipo imene sinayendepo pamsika ndiyo imakwera mtengo. Chisamaliro chimenechi n'chabwino, koma chili ndi msampha wake, pakuti munthu akhoza kuteteza kamba wachitsulo ku thukuta la chala chake, osalabadira za kamba wamoyo wokodwa muukonde, ndipo kumeneku ndiko kulakwa kumene oletsa mafano ankakuopa, kuti chifaniziro chilande malo a mwini wake. Pa chifukwa chimenechi masenti 10 a ku Tuvalu amene adetsedwa ndi mphepo yamchere ya ku Funafuti, chilumba chimene kuli likulu la dzikolo, miyendo ya nkhanu itaperepeseka ndi zala za asodzi, amanena zoona zambiri za chilumbacho kuposa ndalama yonyezimira yosakhudzidwapo, ngakhale kuti ogulitsa amawaika pa mtengo wotsika.