Mfundo zofunika: zolemba za odwala khansa ya m'mapapo zisamatsekeredwe m'kabati

Palibe khansa yomwe imapha anthu ambiri kuposa ya m'mapapo. M'chaka cha 2022 chokha inatenga miyoyo pafupifupi 1.8 miliyoni padziko lonse. Mankhwala ake amayesedwa pa odwala odzipereka, ndipo zochitikira aliyense zimalembedwa. Kodi kafukufuku akatha, zolembazo zizipita kuti?

1. Mutu umodzi susenza denga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, madokotala sankagwirizana ngati chemotherapy imathandizadi pa mtundu wofala kwambiri wa khansayi. Akafukufuku analipo ambiri, koma aliyense anali ndi odwala ochepa, uyu akuti inde, uyo akuti ayi. Akatswiri a Medical Research Council ku Cambridge ndi a Institut Gustave Roussy ku France sanakhutire ndi malipoti osindikizidwa. Anapempha anzawo zolemba za wodwala mmodzimmodzi: zaka zake, pomwe matenda anafika, mankhwala amene analandira, tsiku lomwe anamwalira kapena kuonedwa komaliza. Anasonkhanitsa za anthu 9,387 ochokera m'makafukufuku 52, ndipo mu 1995 magazini ya BMJ inatulutsa zomwe anapeza: mankhwala okhala ndi cisplatin amatalikitsa moyo. Pa odwala 100 alionse omwe khansa inali itafalikira, 10 owonjezera anali akadali moyo chitatha chaka. Yankholi linalipo kale, linangomwazikana m'maofesi osiyanasiyana.

2. Kuphatikiza zolemba kumaulula ndi zowawa zomwe. Mfundo iyi ndiyo imandikhudza kwambiri. Kwa zaka zambiri, wodwala akachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa, ankamutumizanso ku radiotherapy kuti zotsalira zife. Zinkamveka zanzeru. Mu 1998 The Lancet inasindikiza zotsatira za odwala 2,128 a m'makafukufuku 9 ataikidwa pamodzi. Patatha zaka ziwiri, mwa omwe anangochitidwa opaleshoni, 55 pa 100 anali moyo. Mwa omwe anawonjezeredwa radiotherapy, anali 48 okha. Ovulazidwa kwambiri anali omwe khansa yawo inagwidwa msanga. Madokotalawo sanali ouma mtima ayi, ndipo makina a nthawiyo sangafanane ndi a lero. Kungoti dokotala woona odwala ake okha sakanatha kuzindikira kuti chithandizo chake chikufupikitsa miyoyo.

3. Zolembazi ndi ngongole. Munthu anasaina fomu akudziwa kuti mwina iyeyo sapindula. Anasanza, tsitsi linathothoka, mkono unatupa ndi majekeseni, koma tsiku la sikelo ndi magazi likafika ankabwerabe. Anatero kuti odzadwala pambuyo pake athandizike. Kubisa zotsatira chifukwa mankhwala sanachite bwino, kapena poopa opikisana nawo pamalonda, ndi kum'bera munthu ameneyo.

4. Kugawana sikutanthauza kuyalutsa wodwala. Dzina, adiresi ndi chilichonse chom'zindikiritsa zimayamba zachotsedwa. Ndi mmene Project Data Sphere, yomwe inayamba mu 2014 ku America, imalandirira zolemba za khansa kuchokera ku makampani a mankhwala. Kuyambira 2018, magazini akuluakulu a zachipatala amafuna wofufuza anene poyera ngati adzagawana zolemba zake. Lamulolo limangofuna kunena, silikakamiza kupereka, ndipo ine ndikuona kuti m'pofunika lipitirire pamenepo.

5. Amene sanalembedwe saoneka, ngakhale muphatikize zolemba zochuluka bwanji. Mankhwala a gefitinib atayesedwa pa odwala osakanikirana, anaoneka ngati opanda phindu lenileni. Kenaka zinadziwika kuti amagwira mwamphamvu kwa omwe khansa yawo ili ndi kusintha kwa jini ya EGFR, komwe kumapezeka kwambiri mwa anthu a kum'mawa kwa Asia ndi omwe sanasutepo fodya. Anthu a mu Africa ngochepa zedi m'makafukufuku otere. Kwathu kuno wodwala khansayi kawirikawiri amayamba wamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa miyezi, matenda enieni asanadziwike. Zipatala zathu zikayamba kulemba mosamala za odwala amenewa, ofufuza athu akhale ndi mpando pomwe zolembazo zikuwerengedwa, osati kungozitumiza kunja.