Kulawa Mowa ndi Funso la Kudziletsa

Pakati pa kulawa mowa ndi kumwa mowa pali kusiyana kumene anthu oganiza mozama akhala akukuzindikira kuyambira kalekale, ngakhale kuti zonse ziwiri zimachitikira m'kamwa momwemo. Funso lofunika kulisanthula ndi lakuti kodi munthu amene amayamikira mtundu, fungo ndi kukoma kwa mowa wofululidwa mwaluso akuchita chinthu choyenera munthu wanzeru, kapena akungopatsa chilakolako dzina laulemu.

Chitsanzo chabwino ndi mowa wotchedwa amber lager. Lager ndi mowa wa chimera cha balere umene umasasitsidwa pamalo ozizira ndi yisiti yomwe imadikha pansi pa chotengera, kenako n'kusungidwa kwa masabata angapo kuti uyere. Ndipo umene umatchedwa amber umakhala wofiirira chifukwa chimera chake chimawambidwa pamoto wokulirapo, zomwe zimaupatsanso kakomedwe konga ka buledi wowotcha, kamene kamalingana ndi kuwawa kwa maluwa a chomera chotchedwa hops. Mowa wotere anautchukitsa ndi Anton Dreher ku Schwechat, pafupi ndi Vienna, mu 1841. Ku Malawi lager anazika mizu mu 1968, pamene kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark.

Komabe luso losiyanitsa mowa wabwino ndi woipa silinabwere ndi botolo. M'midzi ya m'boma la Neno, kwa Dambe ndi kwa Mlauli monganso kumunsi ku Lisungwi, amayi ofulula masese amadziwa kumeretsa chimera cha mawere kapena cha chimanga, kuchiyanika, kuchisinja ndi kuchithira m'phala pa nthawi yake, ndipo lilime lawo ndi limene limagamula ngati mowa wapsa kapena wasasa mopitirira. Mwambo wakuti mwini mowa ayambe ndiye kumwa pa chipanda alendo asanalandire umasonyeza kuti kulawa kunali umboni wakuti wofulula akuima pa ntchito yake. Mowa womwewo unkasonkhanitsa anthu pa dima, ndiko kuti ntchito yolimira pamodzi m'munda wa mnzawo, ndipo unkathiridwa pansi ngati nsembe kwa mizimu ya makolo, choncho unali ndi malo ake, nthawi yake ndi malire ake.

Aristotle, m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, anaona kuti munthu wosadziletsa sagwiritsa ntchito kwenikweni mphamvu yolawa, popeza kusiyanitsa makomedwe ndi ntchito ya oyesa vinyo ndi ophika, pamene chidakwa chimangokondwera ndi kumeza. Ngati ganizo limeneli lili loona, wolawa ndi chidakwa akufuna zinthu zotsutsana, pakuti mowa ukachuluka m'thupi umafooketsa lilime ndi nzeru zomwe, ndipo amene akufunadi kumva ntchito ya wofulula amakakamizika kulekeza msanga.

Mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsa mishoni ya Matandani ku Neno mu 1908, sukhutira ndi yankho limeneli. Chiphunzitso chake n'chakuti thupi ndi kachisi wa Mulungu ndipo kudziletsa koona ndiko kupeweratu chilichonse chovulaza, osati kuchichepetsa chabe. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, chifukwa chaputala 23 cha Miyambo chimachenjeza za maonekedwe okongola a vinyo m'chikho, zomwe ndi zimene wolawa amayamba kuzitama. Akatolika ndi Akhristu ena amene amalola kumwa pang'ono amakumbutsa za ukwati wa ku Kana, kumene mkulu wa phwando analawa vinyo n'kuzindikira ubwino wake popanda kudzudzulidwa.

Mbali ziwirizi zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu sayenera kugulitsa nzeru zake chifukwa cha chakumwa, ndipo zimangosiyana pa kukula kwa chikhulupiriro chimene zimaika pa mphamvu ya munthu yodziimitsa. N'chifukwa chake kulawa sikungayesedwe ndi kuchuluka kwa mawu ofotokozera fungo kapena thovu, koma ndi zimene zimatsatira. Amene amalawa n'kuthokoza wofulula, n'kubwerera kwawo ali ndi nzeru zake ndiponso ndalama za banja lake, wachita mwaulemu. Koma amene sangathe kulekeza alibe chifukwa chodzitchulira wolawa, ndipo kwa iye uphungu wa ku Matandani ndiwo wanzeru.