Madzi a ku Michesi saiwala njira yawo

Inu adzukulu amene mwayamba kusaka malo omangapo nyumba, khalani pansi ndikuuzeni za dziko mukupondali. Phalombe ndi chigwa chopanikizika. Kummwera kuli phiri la Mulanje ndi Michesi, kumpoto kuli nyanja ya Chilwa. Mvula ikagwa mbali yathu ya mapiriwa, madzi ake amatsika kudutsa m'midzi mwathu momwemu, mumtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani, mpaka akathire m'Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi.

Mu Malichi 1991 napolo anatsika ku Michesi ndi matope, mitengo ndi miyala, n'kukokolola anthu mazanamazana. Inu munali musanabadwe, koma za 2023 munaziona ndi maso anu, namondwe wa Freddy atagumula midzi kwa Nkhulambe. Ndiye mukapeza chimwala chachikulu chitakhala chokhachokha pakati pa munda, kutali ndi phiri, dzifunseni kuti chinafika bwanji pamenepo. Sichinamere ayi. Chinabwera ndi madzi, ndipo madziwo adzadutsanso pompo. Malo oterowo amatchipa, mwini wake amakulandirani ndi nsangala, koma inu limanipo nandolo basi, musagonepo.

Ndikudziwa chimene chikukukopani: phula. Chiyambire msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali kukafika ku Chitakale, aliyense akufuna kagolosale m'mbali mwa msewu, kapena njinga yamoto ya kabaza yothamanga nayo ku Migowi ndi ku Chiringa. Sindikukuletsani, ndalama ndi yabwino. Komatu amene anayeza msewu ankafuna njira ya galimoto, sankakusankhirani pogona. Musanalipire puloti, pitani mukaone mlatho wapafupi m'mwezi wa Febuluwale, muone pamene zinyalala zakodwa m'mitengo, kenako mukafunse agogo a m'mudzimo kumene mtsinje unkadutsa kale.

Njira zina n'zakale kuposa phula. Pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pankadutsa ogula akapolo popita kunyanja ya mchere, n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Mudziwe njira zokwera kumtunda ngati imeneyo, ndipo ana anu azidziwenso, chifukwa mlatho ukaduka mudzayenda wapansi.

Inu a ukonde, nyanja nayo musaikhulupirire kwambiri. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka. Matemba, milamba ndi makumba zikachuluka, munthu amakhala m'zimbowera miyezi, n'kuiwala kuti ali ndi munda. Ndalama ya nsomba muzigulako mbuzi, munda wa mpunga usagone, ndipo madzi a m'nyanjamo musamwe osaphitsa, kolera amayambira kumeneko.