Udzu wa ku Nyika

Msewu wa M1 wodutsa pa Lirangwe ndi womwewo umene umakafika ku Karonga mpaka kumalire a pa Songwe. Koma ambirife kuno kwa Chigaru timaudziwa kulekezera pa mlatho wa Zalewa, wopita patali ndiye Lilongwe. Za kumpoto timangomva pakamwa pa anthu, kuti kumazizira, kuti amakonda sukulu, kuti kunyanja amadya kondowole. Ine ndinapitako ndili wamkulu kale, ndipo chimene chandikanirira mumtima ndi udzu wa ku Nyika.

Kwathu kuno udzu ukangouma timamweta wofolera, wotsalawo umapsa ndi moto wa osaka mbewa. Pofika Okutobala nthaka imakhala ili gwa, malambe okha ali chilili, njinga za makala zili ndawala kulowera ku Lunzu usiku ndi usana. Maso anga anazolowera zimenezo, mpaka ndinkayesa kuti dziko linabadwa lotero. Koma popita ku Nyika, ukachoka pa Rumphi n'kulowa pa chipata cha Thazima, umakwera nthawi yaitali pa msewu wafumbi. Mitengo imayamba kuchepa, kenako kumangoti mbee, zitunda za udzu zokhazokha mpaka polekezera maso. Kulibe munda, kulibe denga, kulibe tambala wolira. Mphepo yokha, yozizira yolowa m'mafupa, pakuti nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600.

Pafupi ndi Chelinda ndinaona mbidzi zikudya mosatekeseka, ntchefu zili poteropo, ndi chilembwe chimodzi chitaima pa chitunda chikundiyang'ana. Maina amenewa ndinkawamva kwa agogo tikuotha moto. Iwo ankazitchula ngati anansi awo a mudzi wina, ine ndinkangoti ndi za m'nthano. Tsiku limenelo ndinawakhulupirira. Ndinakhala pansi nthawi yaitali osayankhula, ndikuganiza za chigwa chathu cha Shire chisanagwe nkhwangwa, mmene chinkaonekera m'maso mwa amene anatibala.

Komabe bata la ku Nyika silinadze lokha. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo poikulitsa mu 1978, kuti ipose masikweya kilomita 3,000, mabanja ambiri anasamutsidwa. Anasiya minda, anasiya manda a makolo awo. Mwana wa mlimi sangamve zimenezi n'kungopitirira. Chimodzimodzi ku malo osungira nyama a Vwaza: njovu imene mlendo amaijambula ikumwa madzi pa nyanja ya Kazuni, kwa mayi wolima m'mphepete mwa malowo ndi mdani wotha kumaliza chimanga cha chaka chonse usiku umodzi. Ndimafuna nyamazo zikhale, ndi mtima wanga wonse. Ndimafunanso kuti amene analipira mtengo wake azikumbukiridwa poyamba pakakhala phindu.

Pamene mtima unandipweteka kwambiri ndi pa Chikangawa. Nkhalango ya paini ya kumeneko, pa Viphya, inali yoposa mahekitala 50,000, imodzi mwa nkhalango zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa. Lero malo ambiri ndi zitsa ndi mapsa. Apo ndinaona nkhope ya kwathu. Kumpoto kulibe mankhwala otsirika mitengo. Chimene chinadya mapiri athu chikhoza kudyanso awo, ndipo chinayamba kale.

M'matauni sindinakhalitse. Ku Mzuzu ndinamwa khofi wolimidwa m'mapiri a komweko, mayi wina pamsika n'kundiyankha m'Chichewa mokoma mtima ataona kuti Chitumbuka chikundikola pakhosi. Ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, ndinakwera msewu wa Gorodi wokhotakhota uja, nyanja ikuoneka pansi kutali, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake makolo a kumeneko amagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire: sukulu inawafika kalekale ndipo anaona zipatso zake. Ku Karonga kuli nyumba yosungira zakale momwe muli chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chilombo chimene chinkayenda m'dziko lino munthu asanakhaleko. Ndinapezamo ana asukulu ali kukamwa yasa, ndipo ndinalakalaka akanakhala a ku Mdeka kapena a ku Lirangwe.

Mwana amene sanaonepo nkhalango yosadulidwa sadziwa chimene anataya, choncho sangachilire, sangachibzale. Ana athu amajambula mbidzi m'makope koma sanaimvepo ikulira. Inu aphunzitsi ndi makomiti a makolo a kwa Chigaru, ulendowu ndi wodula, ndikudziwa, koma si wosatheka mukayamba kusonkha chaka chikamayamba. Ana a Sitandade 8 akalemba mayeso, atengeni akaone dziko lawo. Pa zipata za mapaki athu, Mmalawi amalipira ndalama zochepa kuposa mlendo wochokera kunja.